Sikirini yomazirala yokha pa laputopu

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake sikirini yanu imazirala mukatsegula chithunzi chakuda, kenako n'kumawala pang'onopang'ono mukabwerera pa tsamba loyera, makamaka magetsi akathima. Mtima m'malo, sikirini sinawonongeke. Kompyuta ikusunga moto m'batire: imachepetsa nyali ya kuseri kwa sikirini n'kusintha contrast (kusiyana kwa malo owala ndi akuda) poganiza kuti simuzindikira. Koma maso amaona ndithu, mitundu imangochita mbuu.

Pa Windows 11 lowani mu Settings, System, Display, dinani Brightness, ndipo pa "Change brightness based on content" musankhe Off. Ngati pali "Change brightness automatically when lighting changes" muchotsenso. Imeneyo imadalira kasensa koyeza kuwala kwa m'chipinda, ndipo si malaputopu onse ali nako.

Zikapitirirabe, kawirikawiri vuto limakhala ku graphics, kachipangizo kotumiza zithunzi pa sikirini. Ngati ndi Intel, tsegulani pulogalamu ya Intel Graphics Command Center, lowani mu System, Power, muzimitse Display Power Savings, pa batire ndi pa chaja pomwe. Ngati ndi AMD, muzimitse Vari-Bright mu AMD Software.

Batire izitha msangako pang'ono, ndiye muzitsitsa kuwala nokha ndi makiyi a Fn. Madalaivala (mapulogalamu oyendetsa graphics) akasinthidwa mukaonenso, nthawi zina zomwe mwazimitsazi zimadziyatsanso.