Tifunseni: za Mtukula Pakhomo, chipatala, ng'ombe zobedwa ndi khansala ku Mchinji

Agogo anga ali ndi zaka zoposa 70 ndipo akulera adzukulu anayi amasiye, koma dzina lawo silidatuluke pa Mtukula Pakhomo. Amfumu akuti si iwo adasankha. Nanga amasankha ndani, ndipo tingatani? Mdzukulu wodandaula, kwa Dambe

Amfumu akunena zoona, mphamvu yolemba kapena kufufuta dzina alibe. Ndondomekoyi, yopereka ndalama kwa mabanja ovutika, idayambira kwanu konko ku Mchinji mu 2006 isanafalikire m'maboma onse 28, ndipo imafuna banja lokhala ndi mavuto awiri pamodzi. Loyamba ndi umphawi wadzaoneni. Lachiwiri ndi kusowa wogwira ntchito pakhomo, kutanthauza kuti palibe munthu wamphamvu wa zaka 19 mpaka 64, kapena alipo mmodzi koma akusenza anthu oposa atatu. Malinga ndi zomwe mwalemba, agogo akukwanira. Chovuta n'chakuti malo ndi ochepa, amangotenga mabanja pafupifupi 10 pa 100 alionse, choncho ena oyenera amatsala.

Olemba kalembera amayenda khomo ndi khomo kufunsa za anthu a m'banjamo, nyumba, ziweto ndi kadyedwe. Mayankho amalowa mu kaundula wa boma wa mabanja wotchedwa UBR, kompyuta n'kusanja mabanja kuyambira wosaukitsitsa. Kenaka maina amawerengedwa pamsonkhano wa anthu onse kuti avomereze kapena atsutse, asanapite kuboma. Ambiri amagwera pa kalembera pomwepo. Tsikulo agogo adali kudimba kapena kumaliro ndipo sadalembedwe. Kapena adatchula mwana wawo amene amakhala ku Lilongwe ngati wapakhomo, kompyuta n'kuona ngati alipo wowagwirira ntchito. Ena amawerengera mbuzi zongosungira achibale ngati zawo, poopa kuoneka amphawi pamaso pa alendo. Palinso dzina losiyana ndi la pa chiphaso cha unzika.

Pitani ndi agogo kukomiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu mukafunse funso limodzi kaye: kodi banjali lilimo mu UBR? Ngati lilimo, pemphani kuti akuwerengereni zomwe zidalembedwa, mukonzetse zolakwika. Dandaulo lanu lilembedwe m'buku la komiti yoona za madandaulo inu mukuona, ndipo lembani tsikulo. Tengani chiphaso cha agogo, mabuku a kuchipatala a ana ndi kalata ya aphunzitsi aakulu yosonyeza kuti anawo ali pasukulu. Mukaona kuti palibe yankho, kafikeni kuofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma. Tisakunamizeni, maina atsopano salowa mwezi ndi mwezi. Amalowa pamene akusankhanso kapena banja lina likatuluka. Mukadali kudikira, funsani kuofesi yomweyo za thandizo la fizi ngati mdzukulu wina wasankhidwa kupita kusekondale, ndipo aang'ono osakwana zaka zisanu ayambe kupita kumkombaphala. Aliyense wopempha ndalama kapena nkhuku kuti akulembeni akukuberani. Dzina likadzatuluka, nambala yachinsinsi ya pafoni adziwe agogo ndi munthu mmodzi amene iwo asankha, osati wothandizira kutapa ndalama.

Pachipatala chathu chaching'ono amangotilembera kuti tikagule mankhwala. Mlamu wanga atadwala usiku tidauzidwa kuti tisonkhe ya mafuta a ambulansi. Kodi chipatala cha boma si chaulere? Mayi wa ana atatu, Mchinji

Mayi, choyamba tsimikizani kuti chipatalacho n'chaboma. Mchinji ili ndi zipatala zingapo za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndipo izo zimalipiritsa, kupatula pa chithandizo chomwe zidagwirizana ndi boma, kawirikawiri cha amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Ngati n'chaboma, kuonana ndi dokotala, kuyezedwa ndi mankhwala n'zaulere.

Mankhwala amathadi, ndipo zifukwa zake n'zingapo. Chipatala chilichonse chimatumiza lipoti la mwezi kuofesi ya zaumoyo paboma, yomwe imaitanitsa ku Central Medical Stores Trust, nkhokwe yaikulu ya mankhwala a boma. Lipoti likachedwa kapena likaperewera, katundu amabweranso woperewera. M'nyengo ya dzinja malungo amachuluka ndipo mankhwala ake a LA amatha mwezi usanathe. Nthawi zina ndalama ya mankhwala yaboma lonse imachepa. Koma kuba kuliponso, ndipo n'chifukwa chake pachipatala chilichonse pali komiti ya anthu a m'midzi yozungulira. Komitiyi imayenera kukhalapo galimoto ya mankhwala ikafika, kuwerenga makatoni ndi kusaina. Funsani wapampando wake kuti mankhwala adafika liti, adasaina ndani, ndipo khadi lowerengera mankhwala likuti atsala angati. Komiti yomwe siyingayankhe zimenezi ikufunika kusankhidwanso, ndipo nkhaniyo itengereni ku ADC, komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu.

Za ambulansi, mafuta ake amachokera m'thumba la ofesi ya zaumoyo, ndipo wodwala sayenera kukanizidwa ulendo chifukwa alibe ndalama. Usiku wa matenda pulumutsani moyo kaye, koma lembani tsiku, nthawi, ndalama zomwe mwapereka ndi udindo wa amene walandira. Zimenezi kazipereke kwa ombudsman wa chipatala, amene amapezeka pachipatala chachikulu cha boma ndipo ntchito yake n'kumva madandaulo a odwala. Dandaulo lopanda tsiku ndi nthawi limavuta kulifufuza.

Mwana wa miyezi iwiri mpaka zaka zisanu akatentha thupi, akatsekula m'mimba kapena akamapuma mwabefu, yambani kwa mlangizi wa zaumoyo wa kiliniki ya m'mudzi. Iye amayeza malungo ndipo amasunga LA, Thanzi ORS, zinki ndi amoxicillin. LA amamwedwa kasanu n'kamodzi m'masiku atatu, osasiyira panjira mwana akayamba kusewera. Mayi woyembekezera wokhala kutali apite kuchidikiro mwezi wachisanu n'chinayi ukangoyamba, asadalire ambulansi. Uphungu wa zaumoyo mutha kuupezanso kwaulere poimba 929, Chipatala cha pa Foni.

Ng'ombe zanga ziwiri zidabedwa. Anyamata achitetezo cha m'mudzi adagwira munthu n'kumupereka kupolisi, koma patangopita masiku ochepa tidamuona pamsika. Anthu akuti ulendo wina tidzangothana naye tokha. Mlimi, kwa Mkanda

Pepani bambo, ng'ombe ziwiri ndi ngolo yonse yaima. Koma zothana naye nokha zisiyeni. Amene wamenya kapena kuotcha woganiziridwa amaimbidwa mlandu wovulaza kapena wakupha, ndipo amfumu amene adaonerera amafunsidwanso. Ng'ombe zanu sizibwerera, ndipo munthu yekhayo amene akadaulula komwe zidapita mwamutseka pakamwa.

Kumuona pamsika sikutanthauza kuti mlandu watha. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wopempha belo. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Pitani kupolisi mukafunse nambala ya mlandu, dzina la wofufuza ndi tsiku la kukhoti. Milandu yambiri ya ziweto imafa chifukwa mboni sizibwera, kapena mwini wake amalephera kutsimikiza kuti ng'ombeyo ndi yake. Kunena kuti "yakuda ya nyanga zopindika" sikokwanira. Jambulani ng'ombe iliyonse pafoni mbali zonse ziwiri, ikani chizindikiro pakhutu kapena pachikopa, ndipo zilembetseni kwa amfumu ndi kwa mlangizi wa ziweto.

Liwiro ndilo limapulumutsa. Kwanuko malire a Zambia ali pafupi ndipo akuba sadzera pachipata cha Mwami, amadzera njira zam'tchire usiku womwewo. Khola likangopezeka lotsekula, ena atsate mapazi, wina aimbire apolisi kuti adziwitse anzawo a tsidya linalo, wina adziwitse mlangizi wa ziweto ndi ogulitsa nyama m'misika yapafupi. Ng'ombe siyenera kusamutsidwa popanda chilolezo cha a zaziweto, ndipo nyama yogulitsa imayenera kuyezedwa. Achitetezo cha m'mudzi ali ndi ufulu woimitsa wokoka ng'ombe usiku n'kumufunsa kalatayo. Koma kumenya, kulipiritsa chindapusa kapena kusunga munthu m'nyumba mpaka mawa si ntchito yawo, ayenera kumupereka kupolisi msanga. Mukakhala ndi umboni woti wapolisi adalandira kanthu, kaonaneni ndi mkulu wa polisiyo, ndipo zikakanika lemberani ku Independent Complaints Commission, bungwe lomva madandaulo okhudza apolisi.

Takhala tikupempha mjigo kwa khansala ndi kwa phungu pamisonkhano, onse amangoti amva. Kodi tipite kwa ndani? Mlembi wa VDC, kwa Mavwere

Alembi, yankho lili m'buku lanu lomwelo. Pempho lonenedwa pamsonkhano wa chipani kapena pamaliro silifika pa bajeti. Chiyambire lamulo la maboma aang'ono la 1998, chitukuko chimayambira ku VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, kupita ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kenaka kulowa mu pulani ya chitukuko ya khonsolo. Itanitsani msonkhano wa VDC, mjigowo ulembedwe m'maminitsi ngati chosowa choyamba, ndipo mulembe mabanja amene adzamwe, mtunda wokafika pamjigo wapafupi ndi komwe anthu akutunga pano. Mlangizi wa zaumoyo akupatseni chiwerengero cha odwala m'mimba m'deralo, chimenecho chimalemera kuposa mawu. Sungani kope imodzi, ina ipite ku ADC, ina kwa khansala, ina kuofesi ya zamadzi.

Chaka cha boma cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo, choncho pempho lofika mu Meyi limadikira chaka chinacho. Lifikitseni dzinja lisanayambe. Khansala ndiye woyenera kumuumiriza, chifukwa ndi iye amavotera bajeti ya khonsolo. Mafumu aakulu amakhala nawo m'khonsolo koma savota. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotsekukira anthu, ndipo lamulo lopereka ufulu wopeza nkhani, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020, limakulolani kulemba kalata kwa bwanamkubwa yopempha mndandanda wa zitukuko za m'dera lanu za thumba la CDF (la chitukuko cha dera la phungu) ndi la DDF (la chitukuko cha boma lonse). Mjigo ukavomerezedwa, sankhani komiti yake wokumba asanafike, ndipo musalole kusaina kuti ntchito yatha madzi asanayezedwe komanso musanaone kuti akutuluka mokwanira. Mijigo yambiri youma mu Okutobala idakumbidwa mosazama nthawi ya mvula, madzi ali pamwamba.

Ndidakwatiwa ku Kamwendo kuchokera ku Dowa. Pa 16 Sepitembala 2025 sindidavote chifukwa dzina langa lidatsala kwathu. Nditani? Mtengwa, Kamwendo

Mayi, munthu amavotera pamalo pomwe adalembetsera. Chisankho chachikulu chisanachitike, bungwe loyendetsa zisankho la MEC limatsekula masiku olembetsa, osamutsa dzina ndi oona maina mu kaundula, ndipo masikuwo amakhala ochepa. Mvetserani wailesi ndi uthenga wa amfumu, ndipo pitani nokha pamalo olembetsera apafupi ndi kwanu kwatsopano. Chofunika kwambiri ndi chiphaso cha unzika. Ngati chidatayika kapena dzina lidalakwika, konzetsani panopa kuofesi yopereka ziphaso ya NRB paboma, osadikira 2030 mizere itatalika. Chiphasochi chimaperekedwa kuyambira zaka 16, koma kuvota n'kuyambira zaka 18. Madera adadulidwanso chisankho cha 2025 chisanafike, a aphungu adafika 229 ndipo mawodi 509, choncho funsani kuti mudzi wa apongozi anu uli mu wodi iti, mudziwe khansala wanu ngakhale simudamuvotere.