Kusiya kuimira boma n'kukakhala loya wodziimira payekha

Wowerenga wina wandilembera imelo kuti wakhala akuimira boma pa milandu kwa zaka 7, ndipo tsopano akulingalira zosiya kuti atsegule ofesi yakeyake ya uloya. Akufunsa ngati zimene waphunzira kumeneko zidzamuthandize, kapena adzayambiranso pansi.

Zidzakuthandizani kwambiri, chifukwa munthu amene wazenga milandu yambiri amadziwa pamene fayilo ya apolisi imafookera: mboni imene inanena zina kupolisi n'kudzanenanso zina m'khoti, katundu wa umboni amene sizikudziwika kuti ankasunga ndani chimugwirireni, kapena chivomerezo chimene chinatengedwa woganiziridwayo asanauzidwe za ufulu wake wokhala chete. Kale munkathamangira kutseka mipata imeneyi, koma tsopano muziisakasaka, pakuti pa mlandu waupandu boma ndilo liyenera kukhutiritsa khoti popanda chikayiko chomveka, pamene loya wa woimbidwa mlandu akhoza kupambana pongoonetsa kuti chikayikocho chilipo. Johnnie Cochran, loya wa ku United States, anayenda njira yomweyi. Anaimirapo boma ku Los Angeles, ndipo mu 1995 anatsogolera maloya amene anapulumutsa O. J. Simpson, katswiri wakale wa mpira wa ku America, pa mlandu wopha anthu, makamaka pokayikitsa mmene apolisi anatolera ndi kusungira umboni.

Chimene chimavuta n'chakuti amene mukumutumikira amasintha. Woimira boma amatumikira chilungamo, n'chifukwa chake amayenera kupereka ku mbali inayo ngakhale umboni wofooketsa mlandu wake, mfundo imene khoti lalikulu la ku United States linatsindika mu 1963 pa mlandu wa Brady v. Maryland. Loya wodziimira payekha amatumikira munthu mmodzi, ndipo amamusungira chinsinsi ngakhale atamva zonyansa, malinga asanamize khoti. Tsiku lina mudzakhala m'kachipinda ka kundende moyang'anizana ndi munthu wofanana ndi aja munkapempha kuti alandire chilango chokhwima, iye manja akunjenjemera, mayi ake akudikira panja, ndipo mudzayenera kumumvetsera mpaka amalize musanamuweruze mumtima. Ine ndimaona kuti ambiri amapunthwa pamenepa, ngakhale malamulo amawadziwa bwino lomwe.

Samalaninso ndi milandu imene munaigwirapo muli m'boma. Malamulo a ntchito ya uloya salola kuti mudzaimire mbali inayo pa mlandu womwewo, kapena kuti mugwiritse ntchito zinsinsi zimene munazidziwa chifukwa cha udindo wanu wakale.

Malipiro a mwezi ndi mwezi aja adzatha, makasitomala muzidzifunira nokha, ndipo ndalama zawo muzisunga ku akaunti yosiyana ndi yanu. Popeza milandu yaupandu payokha siichedwa kuchepa, mudzafunika kuphunzira ya chipukuta misozi ndi ya mapangano, imene khoti limagamula poona mbali imene umboni wake ukulemerera. Ndikanakhala inu, ndikanayamba ndalowa kaye m'kampani ya maloya yokhazikika kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako n'kukhoma chikwangwani changa.