AC ikununkha chuku komanso kudontha madzi

Achimwene, mwati AC yanu yotenthetsa ndi kuziziritsa m'nyumba ija yayamba kununkha chuku, ikudonthanso madzi pakhoma. Ndi chinyontho cha kwathu ku Mulanje kuno, makamaka nthawi ya chiperoni. Zimitsani kaye magetsi, chotsani mafyuluta mutsuke ndi madzi ofunda, aume pamthunzi, muzitero milungu iwiri iliyonse. Kudonthako ndiye kapaipi kotulutsa madzi katsekeka ndi ndere, thiranimo madzi mpaka muwaone akutuluka kunja, ndipo musanaizimitse muziisiya kaye pa fan kuti mkatimo muume. Pa chigawo cha AC chomwe chimakhala kunja kwa nyumba chotsanipo masamba, madzi muzithira pang'onopang'ono poti tizitsulo take sitichedwa kupindika. Anzathu a ku Quelimane, mzinda wa kufupi ndi nyanja ku Mozambique, amatsuka pafupipafupi, mchere wa kunyanja umadya zitsulo, ife vuto limenelo tilibe. Za gasi wa mu AC zokha musagwire, itanani mmisiri.