Brixton pitaniko, koma ndalama zanu mukasiye mumsika

Achemwali, mwafunsa ngati Brixton ndi malo oti munthu n'kupitako ndi ana mukabwera kuno ku London, poti apongozi anu akuti kumeneko n'kwa zigawenga. Pitani ndithu. Apongoziwo akukamba za m'ma 1980, ndipo ngakhale za nthawi imeneyo anangomva mbali imodzi.

Kafikidwe n'kosavuta. Sitima yapansi ya Victoria line imathera pomwepo, ndiye ngakhale mutasinza simungapitirire. Mukatuluka pasiteshoni khoterani kumanzere, kenaka kumanzere kachiwiri, mwalowa mu Electric Avenue, umodzi mwa misewu yamalonda yoyambirira kuikidwa magetsi m'ma 1880. Apa ndiye pali Brixton yeniyeni: chinangwa, therere, mbatata, nthochi zophika, nsomba zouma, nyama ya mbuzi, miyendo ya ng'ombe, wogulitsa akukuitanani kuti "auntie" asanakuoneni n'komwe bwinobwino. Nsomba ya tilapia ilipo yambiri pa ayezi. Si chambo cha ku Mangochi ayi, musadzinamize, koma ndi nsima imatsika.

Anthu akuda anachuluka bwanji kuno? Mu June 1948 sitima yapamadzi ya Empire Windrush inafika padoko la Tilbury ndi anthu ochokera ku Jamaica ndi zilumba zina za Caribbean. Ena mwa iwo anagonekedwa m'malo amene anthu ankathawiramo mabomba nthawi ya nkhondo, pansi pa nthaka ku Clapham South, ndipo ofesi yofunsirako ntchito yomwe inali pafupi inali pa Coldharbour Lane ku Brixton. Eni nyumba ambiri mumzindamu ankakana alendi akuda, pomwe kuno nyumba zinali zakutha ndi zotchipa. Basi anakhazikika. Zipolowe za mu April 1981, zomwe zinaipitsa dzina la malowa, zinabuka achinyamata atatopa n'kuimitsidwa ndi kusechedwa ndi apolisi tsiku ndi tsiku. Nelson Mandela atabwera ku Britain mu 1996, anafika kuno ndipo misewu inadzaza. Mbiri yonseyi mukaipeza ku Black Cultural Archives, nyumba yosungira mbiri ya anthu akuda, pa Windrush Square, yomwe inatsegulidwa pamenepa mu 2014. Ngati ana anu ndi okulirapo, alowetseni.

Tsono kusintha kwake. Msika wofolera wa Brixton Village, womwe kale unkatchedwa Granville Arcade, unali ndi mashopu ambiri opanda anthu. Mu 2009 anayamba kuwapereka ulere kwa miyezi ingapo kwa aliyense wofuna kuyesa geni. Zinayenda, mwina kupitirira muyeso. Lero muli malo odyera amitundumitundu ndi khofi wodula, lendi inakwera, ndipo mabanja ambiri amene anapirira zaka zovuta zija anasamukira kutali. Mu 2015 amalonda a pansi pa mlatho wa njanji pa Atlantic Road anauzidwa kuti achoke kuti malowo akonzedwe, ndipo ambiri sanabwererenso. Ine zimandiwawa kuona alendo akujambula mayi wogulitsa zilazi, osagula kanthu, n'kukalipira mapaundi ankhaninkhani pa chakudya chamasana mbali inayo. Inu gulani kwa mayiyo, ndipo musanamujambule pemphani. Ana agulireni ma patty a ku Jamaica (angati samusa) kapena nkhuku yootcha yotchedwa jerk chicken, koma funsani kaye za tsabola, sachita naye masewera anthu amenewa.

Za chitetezo, masana palibe chodetsa nkhawa choposa kwina kulikonse mu London. Foni isakhale m'manja mukaima m'mphepete mwa msewu, akuba apanjinga amatsomphola. Pakhomo pasiteshoni pamakhala phokoso, alaliki ndi zimkuzamawu, oledzera mmodzimmodzi, ingodutsani. Usiku wa Lachisanu ndi Loweruka ndi wa omwa mowa, si wa ana.

Pitani Loweruka m'mawa msika uli pachimake, ana akatopa muwatengere ku Brockwell Park akathamange, si patali. Ndipo nyamulani chikwama cholimba, chifukwa ufa wachimanga woyera umapezeka m'mashopu a mu Electric Avenue momwemo ndipo mudzaufuna wa makilogalamu asanu.