Kodi njerwa zakuda za mu ladle zimagwirana ndi chani?

Wina wanditumizira imelo, akuti wangoyamba kumene ntchito pafakitale yosungunula zitsulo, ndiye akufunsa kuti njerwa zakuda zomwe amayala mkati mwa ladle (chidebe chachikulu chonyamulira chitsulo chamadzi) zija zimagwirana bwanji poti mulibe simenti, nanga bwanji zimatulutsa fungo lotsamwitsa akamazitenthetsa koyamba. Funsoli landikhudza chifukwa fungo limenelo mumalipuma ndi inuyo achimwene.

Njerwazo ndi za magnesia (ufa woyera wa magnesium ndi okosijeni) ndi graphite (mtundu wa kaboni, wonga wa m'pensulo), ambiri amangoti MgO-C, zinayamba kutchuka ku Japan m'ma 1970. Magnesia sasungunuka mpaka cha m'ma madigiri Celsius 2800 pomwe chitsulo chamadzi chimakhala cha m'ma 1600, ndiye graphite ntchito yake ndi kukaniza slag, zinyalala zosungunuka zomwe zimayandama pamwamba pa chitsulo, kuti isalowerere mkati mwa njerwa. Koma madzi simungathiremo ayi, magnesia akakumana ndi madzi amatupa njerwa nkung'ambika. Ndiye pamafunika chomatira chopanda madzi, komanso choti chikapsa chisiye kaboni, ndipo kaboni wotsalayo ndi amene amagwira njerwa ikakhala pamoto. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, chomatiracho si guluu chabe, chimasanduka mbali ya njerwayo.

Kale ankadalira phula lochokera ku malasha, lomwe amati pitch. Amasakaniza lili lotentha kenako nkupanikiza mu makina. Kunena zoona kaboni wake ndi wabwino zedi, amayandikira ku graphite, samaphwanyika msanga kutentha kukasintha mwadzidzidzi komanso mpweya sumudya changu. Koma utsi wake muli benzopyrene, yemwe amayambitsa khansa, ndipo kwa ine ubwino wa njerwa sungalipire mapapo a munthu.

Ndiye ambiri anasamukira ku resin, utomoni wopangidwa ndi mankhwala a phenol ndi formaldehyde, banja lomwe lija la pulasitiki ya Bakelite yomwe Leo Baekeland anapanga mu 1907. Resin imeneyi amasakaniza osatenthetsa kwambiri, pang'ono chabe mwina 3 pa 100 alionse, nkuumitsa njerwa cha m'ma madigiri 200 ndipo imatuluka yolimba, m'mbali mwake mosongoka bwinobwino. Resin ilipo mitundu iwiri, resol yomwe imauma yokha ikatenthedwa ndi novolac yomwe imafuna mankhwala oumitsa otchedwa hexamine. Vuto lake kaboni wake amakhala ngati galasi, wosachedwa kusweka ndi kupsa, nchifukwa chake amathiramo ufa wa aluminiyamu kapena silicon kuti uzilanda okosijeni kaboni asanadyeke. Masiku ano ena amaphatikiza resin ndi pitch yoyeretsedwa ngati Carbores P, yomwe benzopyrene wake ndi wochepa kwambiri.

Fungo mukunenalo ngati njerwa zanu zili za resin ndi phenol ndi formaldehyde zikuthawa, ndipo ikakhala novolac mumvanso ammonia wolasa m'mphuno. Chonde musamaime pamwamba pa ladle nthawi yotenthetsa, onetsetsani kuti makina okoka utsi akugwira ntchito, ndipo pemphani abwana akuonetseni pepala la chitetezo lomwe limabwera ndi njerwazo, pamenepo palembedwa chomatira chomwe anagwiritsa ntchito.