Tifunseni: Sowo ya malemu atate yasiya kudya, andinolere ndani?

FUNSO: Amalume, ine ndili ndi sowo yamanja imene anasiya malemu atate anga, anaigula kalekale tauni ino ya Chipata ikadali kutchedwa Fort Jameson. Pa kabatani ka mkuwa ka pachigwiriro panalembedwa Spear & Jackson. Manje vuto siikudya, ukamacheka imangokanda thabwa ndiye ikafika pakati imagwira mpaka thukuta. Ndinapita nayo kwa anyamata ena owotcherera akuti bweretsani tiipititse pa gilayinda, koma mtima wanga sunalole. Kodi alipobe onola masowo kuno ku Chipata kapena ndingogula ina? Ndine mwana wanu wa ku Kapata.

YANKHO: Mwana wanga, mtima wako unakuuza zoona. Gilayinda ndi ya zikwanje ndi makasu, sowo ayi. Timano ta sowo ndi topyapyala, gilayinda ikangokhudza timapsa mpaka kubiriwira, chitsulo chimafewa ndipo mano amatsala ena aatali ena aafupi, basi sowo yafa pomwepo. Anyamatawo alibe chinyengo iyayi, kungoti si ntchito yao.

Chimene uli nacho si chinthu wamba. Spear & Jackson ndi kampani ya ku Sheffield ku England, mzinda wotchuka ndi zitsulo, ndipo chiyambi chake ndi 1760. Masowo akale ngati amenewo, pamodzi ndi a kampani ya Disston ya ku Philadelphia ku America, anawapanga kuti azinoledwa ndi tupa mobwerezabwereza moyo wonse wa mmisiri. Ambiri amene tikugula m'mahadiweya masiku ano tayang'ana mano ake, ndi akuda cha kunsonga chifukwa anawaumitsa kufakitale, tupa imangoterereka osagwira, akabuntha ndi kutaya basi. Nchifukwa chake onola achepa, ntchito inawathawa.

Koma sanathe. Usafunse kuti onola masowo ali kuti, anthu akulozera kwa a gilayinda omwe aja. Pita kumene akalipentala amakhomera mipando ndi zitseko, ufunse kuti mdala amene anakuphunzitsani ntchito ali kuti. Ameneyo ndiye munthu wako. Ena ndi aja ocheka matabwa a mukwa pamanja kumidzi, sowo yao yaikulu ija amanola okha tsiku ndi tsiku, kungoti iwowo anazolowera mano akuluakulu ndiye ufunse ngati ang'ono amawatha. Aphunzitsi a ukalipentala m'masukulu a ntchito zamanja naonso ndi ofunsa.

Ukampeza usamusiyire sowo n'kumapita, khala pomwepo uone. Wodziwa amayamba waiyang'ana ngati akulozetsa mfuti, kuona ngati inapindika. Kenako amaipanitsa pakati pa timatabwa tiwiri mu vayisi, mano okha ndiwo amaonekera pamwamba, kuti isanjenjemere. Asananole amayendetsa tupa yafulati pamwamba pa mano onse kuti alingane msinkhu, ndipo uona dzino lililonse likung'anima kansonga. Akalumpha zimenezi tenga sowo yako uzipita, ndikunenetsa. Kunola kwenikweni ndi kwa tupa ya makona atatu, yaing'ono yolingana ndi mano, amakankhira kutsogolo kokha, dzino ndi dzino mpaka kung'anima kuja kutha.

Akufunsenso kuti sowoyi imacheka motsata thabwa kapena modula. Yong'amba motsata thabwa tupa imayenda mowongoka, yodula mopingasa tupa imapendekeka pang'ono kuti dzino lililonse likhale ngati kampeni, ndipo amanola kulumpha dzino limodzi kenako n'kuitembenuza. Amene sakudziwa kusiyana kumeneku sadziwa sowo.

Za kugwira pakati zija, nthawi zambiri vuto ndi seti. Mano amayenera kupindidwa pang'ono, ili kumanja ili kumanzere, kuti mpata umene ikucheka ukhale wokulirapo kuposa chitsulo chake. Zaka zikamapita seti imatha ndiye thabwa limaipana. Pali kachipangizo kake konga pulayala, ena amagwiritsa panchi ndi kahamala, zonse zili bwino bola apinde cha kunsonga kokha osati dzino lonse, chifukwa chitsulo chakale chikapindidwa kutsinde chimathyoka, makamaka akalibwezera mbali ina imene silinali. Akapyolanso muyeso sowo imacheka mpata waukulu n'kumangodya thabwa lako pachabe.

Ngati ukukayikabe, mpatse kaye sowo ina yakale yosafunika kwenikweni ayesere, ikatuluka bwino ndiye upereke ya atate. Tupa mugulire yatsopano wekha, madala ambiri luso ali nalo koma tupa zao zinatha kalekale, ndipo pa mtengo usamunyengerere kwambiri munthu amene wakhala chiweramire pa mano oposa 100.

Dzimbiri chotsa wekha kunyumba, parafini ndi sandipepa yosalala, uzikwecha motsata utali wake ndipo pang'onopang'ono pakati pomwe pamakhala chidindo cha kampani chifukwa chimafufutika msanga. Chigwiriro ngati chikugwedera limbitsa tizomangira take ndi sikuludiraiva yokwana bwino, mkuwa sulimba umadyeka. Akamaliza mdalayo yesani limodzi pa chidutswa cha thabwa louma, iziyenda yokha osaikankha mwamphamvu komanso isamakhotere mbali imodzi, ikakhotera muuze akonze usanalipire.