Mnzanu wasintha loko wa saluni? Inenso zinandichitikira ku Limbe

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera kuti anatsegula saluni ndi mnzawo wa kutchalitchi, mayiwo ndi amene anaikamo ndalama zambiri, koma tsopano mnzawoyo wasintha loko ndipo akuti saluni ndi yake. Akufunsa ngati apite kupolisi.

Mayi, mwandigunda pachilonda. Ine ndinayamba geni ya kaunjika mumsika wa Limbe ndi alamu anga. Mpamba wake ndinachita kugulitsa njinga yanga yamoto ya kabaza, iwo anangobwera ndi benchi ndi pakamwa pozuna. Kulemberana? Tinkati zimenezo ndi za anthu osadziwana. Makasitomala ankalipira pa Airtel Money ya alamuwo chifukwa foni yanga inali yosweka galasi. Belo ikatsegulidwa ine kulibe, ankandiuza kuti yatuluka zinyalala zokhazokha. Tsiku lina kumaliro ku Ndirande ndinawaona atavala jekete lachikopa, kamtengo komata kaja kadakali pakolala.

Nkhani inakambidwa pakhonde pa apongozi. Anatiuza kuti chibale ndi fupa sichiwola, tigwirane chanza. Fupalo silinawoledi, koma njinga yanga sinabwerere. Masiku ano munthu akandiuza kuti kulemberana ndi kusakhulupirirana, ndimagwira thumba langa. Amene amakana pepala amadziwa chimene akukanira, kaya ndi mlamu kaya ndi wapampando wa kwaya.

Chinandipweteka kwambiri ndinachimva mochedwa kwa loya. Lamulo la Partnership Act limati ngati simunagwirizane za kagawidwe, phindu mugawana mofanana, ngakhale wina anaika njinga wina benchi. Ngongole imene mnzako watenga m'dzina la geniyo ndi yakonso. Mwini mabelo a pangongole anagogoda pakhomo panga m'mamawa, alamu atazimitsa foni.

Ndiye mutani?

Kupolisi mwina akakuuzani kuti ndi nkhani ya kukhoti, pokhapokha ngati pali kuba kooneka. Lokoyo musathyole, mungadziputire mlandu wina. Pitani ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi mukaone kuti saluni inalembetsedwa m'dzina la ndani. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limalola mauthenga a pafoni kukhala umboni, ndiye za pa WhatsApp ndi za TNM Mpamba zija musafufute. Milandu ikuluikulu ya malonda imapita ku Commercial Division ya High Court muno mu Blantyre, yaing'ono kwa majisitireti. Ngati ya loya palibe, yesani ku Legal Aid Bureau. Mauthengawo muwajambule usiku uno, mutumizenso pafoni ya mwana wanu. Yanga yosweka ija inafera m'madzi ochapira, umboni wonse uli momwemo.